Ndidadziona m'masanje a ana anga

Mukadandifunsa kumayambiriro kwa chaka cha 2024 kuti kodi bambo inu ndinu munthu wotani, ndikadakuyankhani mosajejema kuti ndine munthu wofatsa. Ndipo sikukadakhala kunama kwadala ayi. Kuntchito kwathu ku Limbe, komwe ndimalandira ndi kuwerengera katundu m'sitolo ina yaikulu, anzanga amandidziwa kuti ndine wosayankha msanga. Kwathu ku Bangwe, pamaliro anthu akayamba kukokanakokana, amati itanani bambo aja adzaziziritse zinthu. Mowa sindimwa, akazi anga sindidawamenyepo, malipiro ndimafika nawo pakhomo. Tsono mumtima ndinkadziuza kuti amayi a kunyumba kwangawa adachita mwayi kundipeza.

Ndikunena izi chifukwa ndikudziwa kuti ambiri mwa inu amene mumawerenga tsamba lino, makamaka amene mwangolowa kumene m'banja, muli ndi chithunzi chanu chomwe mumadzisungira mumtima. Nanenso ndidali nacho changa, chokongola zedi. Adaching'amba ndi mwana wanga wa zaka 7, kuseri kwa nyumba yanga yomwe.

Lidali Loweruka lina mu March chaka chomwecho. Mutu udandivuta ndipo ndidapempha kuweruka msanga. Ndidalowera khomo la kumaso n'kukadziponya pabedi, ana osadziwa kuti ndabwera. Iwo adali kuseri, pansi pa zenera la kuchipinda kwathu, akusewera masanje ndi ana a aneba. Nsima idali ya dothi, ndiwo masamba a mpanda, mapoto zitini za nsomba. Wachisamba wanga, mnyamata, ndiye adali bambo. Mlongo wake wa zaka 5 adali mayi.

Ndidamva mnyamata uja akulira ngati minibasi, kenaka mawu a mlongo wake, monong'ona koma mwachangu: "Shii! Adadi akubwera! Chotsani zinthu, khalani chete!"

Ndidakankha katani pang'ono n'kusuzumira. Mwana wanga ankabwera ndi chijumbo m'khwapa ngati chikwama cha kuntchito, nkhope atakwinya, khosi litauma. Adaponya zitsekerero za mabotolo pansi monga momwe ine ndimaponyera makiyi patebulo, n'kuima manja ali m'chiuno.

"Ndani wasiya nsapato pakhomo? Nyumba ino muli anthu kapena mbuzi? Ine ndizivutika kuntchito, inu muzingowononga basi?"

Kamtsikana kanga kadagwada, maso ali pansi. "Pepani abambo, madzi osamba ali kubafa." Mnyamata uja adangotsonya n'kudutsa.

Ana a aneba adafa nacho chikhakhali. Wanga wamkaziyu sadaseke. Kwa iye nkhaniyi sidali yoseketsa, ankangochita zomwe mayi amachita.

Abale, ndikuuzeni zoona zokhazokha. Ganizo loyamba lomwe lidandibwerera silidali loti ndalakwa. Ndidayamba ndaganiza kuti ana awa akuonera mafilimu oipa kwa aneba. Kenaka ndidaganiza kuti amayi awo ndiwo amandinena kwa ana ine kulibe. Lachitatu lidali loti ndituluke ndikawabalalitse onse ndi mawu amodzi. Ndidafika mpaka pogwira chitseko. Apo m'pamene ndidazindikira kuti ndikadatuluka, ndikadakamalizitsa sewero lomwe mwana wanga adaliyamba, mawu omwewo, nkhope yomweyo. Ndidabwerera pabedi, mutu uja utasanduka wina.

Usiku ana atagona ndidawapeza amayi kukhitchini akukanya ufa wa mandasi ogulitsa m'mawa. Ndidawafunsa ngati mocheza: "Amayi, kodi ine ndimakalipa pakhomo pano?"

Adapitiriza kukanya kwa kanthawi asadayankhe. Kenaka adati: "Mukufuna yankho liti, abambo? Loti tigone mwamtendere kapena loona?"

"Loona."

"Ana akangomva geti kulira madzulo amazimitsa wailesi. Wamng'onoyu amathamangira kuseri kwa ine. Inu simudazionepo chifukwa mukamalowa zimakhala zitachitika kale."

Ndidadziteteza monga timachitira abambo ambiri. "Koma ndinayamba ndakumenyanipo ine?"

"Ayi, simunandimenyepo. Koma pakamwa panu pamamenya tsiku ndi tsiku." Adapukuta manja pachitenje n'kuonjezera: "Mwezi watha ndinapita kwa atsibweni anu ku Machinjiri. Ndinawauza kuti zikapitirira chonchi, ana akatsekera sukulu ndipita nawo kwathu ku Ntcheu ndikapumeko kaye."

Tonse timadziwa tanthauzo la kukapumako kaye. Ambiri adapita kukapumako kaye ndipo mpaka lero akadali kupuma. Banja langa la zaka 9 lidali pakhomo potulukira, ine mwini ndikudziyesa mwamuna wachitsanzo.

Mawa lake ndidakwera minibasi ya ku Machinjiri. Atsibweni angawa ndiwo nkhoswe yanga, mphunzitsi wopuma ntchito, munthu wosakonda zolankhulalankhula. Ndidapita nditakonzeka ngati wopita kubwalo la milandu, mfundo zili m'thumba. Iwo adandisiya ndilankhule mpaka malovu kuuma, kenaka adandifunsa funso lomwe lidaoneka ngati lasochera.

"Mphwanga, kuntchito kwakoko umadziwa bwanji kuti matumba a shuga atsala angati?"

"Ndimawerenga, atsibweni, n'kulemba m'buku."

"Sumangoganiza kuti mwina alipo okwanira?"

"Aa, ndikatero angandichotse ntchito."

"Nanga za khalidwe lako bwanji ukungoganizira? Iwe ukuti ndiwe wofatsa, mkazi wako akuti ndiwe wolusa. Ine sindigona m'nyumba mwanumo. Chala sichiloza mwini, mphwanga. Pita ukawerenge monga umawerengera shuga wa eni ake, udzabwere ndi buku."

Pobwerera ndidagula kope ngati la ana a sukulu pa okala ina. Ndidadzipangira lamulo loti usiku uliwonse ndisadagone ndizikhala mphindi zisanu ndi kopelo, n'kuyankha mafunso atatu okha. Chachitika n'chiyani lero? M'mutu mwanga mumayenda chiyani panthawiyo? Ndidanena kapena kuchita chiyani?

Sabata yoyamba ndidalemba ngati loya woimira munthu pamlandu. "Ndalangiza mwana za nsapato." "Ndakumbutsa amayi kuti mayunitsi a magetsi akutha msanga." Nditawerenganso Lamulungu ndidaona kuti bambo wa m'kopemo ndi yemwe uja wofatsa wa m'mutu mwanga. Ndidali kudzinamiza ngakhale papepala loti palibe wina adzaliwerenge. Ndidasintha lamulo: ndizilemba mawu enieniwo, monga momwe aneba a kuseri kwa khoma adawamvera. Apo "ndalangiza mwana" idasanduka "ndamuuza kuti ali ndi mutu wa nkhuku". "Ndakumbutsa amayi" idasanduka "ndawafunsa ngati kwawo ku Ntcheu adayamba aonapo magetsi". Cholembera chidayamba kulemera.

Patatha masabata awiri ndidawerengera. Pa masiku 14, ndidakalipa masiku 10. Mwa masiku 10 amenewo, 9 ndidakalipa mphindi khumi zisadathe chilowereni pakhomo. Ndidayang'ananso mawu oyamba omwe ankatuluka pakamwa panga ndikangolowa. Padalibe tsiku ndi limodzi lomwe lomwe ndidayamba ndi moni. Masiku onse lidali funso lofufuza wolakwa: ndani wasiya, ndani wayatsa, ndani watsegula, ndani wamaliza.

Chidandidabwitsa n'chakuti nthawi yake idali imodzimodzi. Ngati vuto likadakhala nsapato, bwanji sindinkakalipa Lamulungu masana, nsapato zomwezo zili mbwee pakhonde? Ndidayamba kulondola mkwiyo uja chobwerera m'mbuyo, monga timalondolera thumba lomwe lasowa m'buku la katundu. Ndidapeza kuti sunkayambira pakhomo. Unkayambira m'minibasi.

Zinkayenda chonchi. Masana mkulu wina kuntchito andizazira pamaso pa makasitomala, ine n'kuyankha kuti "chabwino bwana" ndikumwetulira. Madzulo ndikakhala m'minibasi, mawondo atapanikizika, ndinkayamba kumuyankha bwana uja m'mutu. Kuchokera pa siteji ya ku Limbe mpaka kukatsika ku Bangwe ndinkakhala ndili pamlandu, ndikumuphwanya ndi mfundo zomwe sindidathe kuzinena masana. Pofika pageti ndinkakhala nditatentha kale, koma bwana palibe. Amene alipo ndi mwana wa zaka 5 ndi nsapato zake. Kufatsa kwanga konse komwe anthu ankanditama nako kunja, ngongole yake ankalipira ndi a m'nyumba mwanga.

Pambuyo pake ndidadzawerenga kuti kuyendayenda kwa maganizo kotere si kwa ine ndekha. Mu 2010 akatswiri awiri a ku yunivesite ya Harvard ku America, Matthew Killingsworth ndi Daniel Gilbert, adafalitsa zotsatira za kafukufuku yemwe adachita pa anthu 2,250. Ankawatumizira mafunso pafoni nthawi zosayembekezereka, kuwafunsa chomwe akuchita ndi chomwe akuganiza. Adapeza kuti pafupifupi 47 peresenti ya nthawi zomwe adafunsidwa, anthuwo maganizo awo adali kwina, osati pa chomwe ankachita, ndipo nthawi zoterozo ankakhala osasangalala kwenikweni. Ndiye kuti pafupifupi theka la tsiku thupi limakhala pano, mwini wake ali kwina. Ine thupi linkalowa m'nyumba ku Bangwe, mwini wake akadali ku Limbe.

Chachiwiri chomwe kopelo lidandionetsa chidali chowawa kuposa. Pa funso lija la zomwe zimayenda m'mutu, chiganizo chimodzi chinkangobwerabwera: "Anthu awa sakudziwa mmene ndikuvutikira." Mukukumbuka kuti mu November 2023 ndalama ya kwacha idachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, mitengo ya zinthu n'kukwera ngati yaona mzukwa, malipiro ali pomwepo. Ine ndidakatenga katapila kuti ndilipire lendi ndi fizi, amayi osawauza. Chiwongoladzanja chinkandidya mwezi ndi mwezi. Tsono babu loyaka masana, shuga wotayikira patebulo, sopo wosiyidwa m'madzi, ine sindinkaona babu kapena sopo. Ndinkaona nkhope ya mwini katapila.

Nditawerenga chiganizo chija kachisanu ndi kawiri m'malemba anga omwe, ndidadzifunsa kuti kodi anthuwa akadadziwa bwanji, poti ndine ndemwe ndidawabisira? Ndinkawalanga chifukwa chosadziwa chinsinsi chomwe ndidachitsekera ndekha. Ndipo pansi pa ukali wonse uja padali mantha, mantha oti ndalephera ngati bambo ndipo tsiku lina zidzaululika. Ife amuna tidaleredwa kuti kukwiya n'kololedwa koma kuopa n'kwa ana. Tsono mantha akabwera timawaveka malaya a ukali kuti atuluke bwino.

Chachitatu chidali cha thupi. Pofuna kupulumutsa ndalama ndidasiya kudya nkhomaliro. Tiyi wa m'mawa ndiye ankandifikitsa madzulo. Masiku anayi aja omwe sindidakalipe, awiri adali a Lamulungu, ena awiri adali masiku omwe mnzanga wina adandigawira chakudya masana. Ndidaphunziranso zizindikiro zanga. Mkwiyo ukamabwera nsagwada zimauma, ndimayenda mothamanga ngati ndikuthawa mvula, makiyi ndimawafumbata mpaka kusiya chidindo m'manja. Zaka zonsezi thupi linkandichenjeza, ine osamva.

Mwezi wachiwiri ndidaonjezera tsamba lina, la ntchito za pakhomo. Ndinkakhulupirira ndi mtima wonse kuti ine ndi amayi timagawana pakati ndi pakati. Si ine ndimasita zovala zanga? Si ine ndimakonza mpanda ndi kukagula makala? Nditayamba kulemba zomwe ndaona ndi maso, mndandanda wanga unkathera pa mizere itatu, wawo kudzaza tsamba. Amadzuka 4 koloko m'bandakucha kukazinga mandasi, kutereka madzi osamba, kukonzekeretsa ana, kukatunga madzi mipope ikauma, kugulitsa, kuchapa, kuphika, kuona homuweki. Zanga ndinkazikumbukira chifukwa ndidazigwira ndi manja anga. Zawo zinkachitika ine ndili mtulo kapena kuntchito.

Nazonso izi akatswiri adaziona kalekale. Mu 1979 Michael Ross ndi Fiore Sicoly a ku Canada adafunsa amuna ndi akazi apabanja, aliyense payekha, kuti anene gawo lomwe iye amagwira pa ntchito zosiyanasiyana za pakhomo. Ataphatikiza yankho la mwamuna ndi la mkazi wake, pa ntchito zambiri zinkapyola 100 peresenti, chinthu chosatheka. Sikuti anthuwo ankanama. Munthu amakumbukira msanga thukuta lake kusiyana ndi la mnzake. Inu achinyamata amene mumakangana za yemwe akuvutika kwambiri m'nyumba, dziwani kuti nonse awiri mukuwerengera ndi sikelo yopendekera kwanu.

Koma tsamba lomwe lidandigwetsa misozi ndi lina. Usiku wina ndidalemba mawu aja, "nyumba ino muli anthu kapena mbuzi", n'kukhala ndikuwayang'ana. Ndidadzifunsa kuti kodi mawu amenewa ndidawatola kuti, poti ine mbuzi sindiweta? Pomwepo ndidamva belu la njinga m'makutu mwanga. Malemu bambo anga, mzimu wawo uuse mumtendere, adali kapitawo pa esiteti ina ya tiyi ku Thyolo. Adatiphunzitsa sukulu tonse asanu ndi mmodzi ndi thukuta lawo, ndipo ndimawathokoza mpaka lero. Koma belu la njinga yawo likalira kumsewu, ife tinkamwazikana ngati anapiye aona kabawi. Ndili mnyamata ndidalumbira kuti sindidzakhala ngati iwo. Ndidaganiza kuti ndikapewa mowa ndi chikoti ndiye kuti ndakwanitsa. Chikoti ndidachisiyadi ku Thyolo, koma mawu ndidabwera nawo ku Bangwe osadziwa, ndipo tsopano mwana wanga adali atawalandira kale.

Akuluakulu adati make mbuu, mwana mbuu. Mu 1961 katswiri wa za maganizo Albert Bandura wa ku yunivesite ya Stanford adachita kafukufuku pa ana 72 a ku nazale. Ena mwa iwo adaonerera munthu wamkulu akumenya ndi kuzazira chidole chachikulu chopopa mpweya. Atasiyidwa m'chipinda momwe mudali chidolecho, ana amenewa adachimenya momwemo, ena mpaka kubwereza mawu omwe wamkulu uja ankanena, pomwe anzawo amene sadaone nkhanzazo sadachite zotero kwenikweni. Palibe adawauza kuti menyani. Adangoona. Ana athu satimvera kwambiri zomwe timawalangiza titakhala pampando Lamulungu. Amatijambula tikamalowa pakhomo Lachiwiri madzulo titatopa.

Mwina mukufunsa kuti nanga nditaona zonsezi ndidatani. Sindidasanduke mngelo ayi. Ndidangosintha tinthu ting'onoting'ono tomwe kopelo lidaloza. Ndidayamba kutsika minibasi siteji imodzi ndisadafike pathu, n'kuyenda pansi pang'onopang'ono, kuti mlandu wa bwana uthere mumsewu. Ndidayamba kunyamula kambatata kapena chinangwa chophika kuti masana m'mimba musamakhale mphepo yokhayokha. Ndidadziikira lamulo loti mawu oyamba pakhomo akhale moni, ndipo funso lililonse loyamba ndi "ndani" lidikire mpaka nditadya. Mudzadabwa kuti mafunso ambiri otero munthu akakhuta amafa okha.

Za mawu oyambazi si nkhambakamwa. John Gottman wa ku yunivesite ya Washington, yemwe wakhala akufufuza za maanja kwa zaka zambiri, adafalitsa mu 1999 pamodzi ndi mnzake Sybil Carrère kafukufuku wa maanja 124 ongokwatirana kumene. Adapeza kuti poona mphindi zitatu zoyambirira za mmene mwamuna ndi mkazi akukambirana nkhani yomwe asemphana, zinkatheka kulosera maanja omwe adzakhale atatha pomatha zaka 6. Mmene nkhani yayambira ndi mmene imathera kawirikawiri. Ine madzulo anga onse ndinkawayamba ndi mlandu, ndiye ndinkadabwa chiyani kuti nsima tinkadya ngati tili pasiwa?

Chovuta kuposa zonse chidali kuwauza amayi za katapila uja. Ndidazengereza masiku anayi. Nditawauza adakhala chete nthawi yaitali, kenaka adati: "Ndiye miyezi yonseyi mumatikalipira ife chifukwa cha ngongole yoti sitikuidziwa?" Adakwiya, ndipo adali ndi chifukwa. Koma mawa lake adatulutsa kabuku kawo ka banki m'khonde, tidakhala pansi n'kuwerengera limodzi. Ngongole ija tidaimaliza patatha miyezi isanu. Ndekha idandikanika kwa miyezi inayi, ikungokula.

Ndisakunamizeni kuti kuyambira pamenepo zonse zidangoti myaa. Tsiku lina mu August kamtsikana kanga kadagwetsa fulasiki yatsopano, phwaa! Mawu adatuluka okha pakamwa panga ngati madzi a mumpopi wothyoka. Ndili pakati pa chiganizo ndidaona mapewa a mwana uja atakwera mpaka m'makutu, ndidamva nsagwada zanga zitauma, ndipo kwa nthawi yoyamba m'moyo wanga ndidadziona ndili mkati mochita. Ndidasiyira pomwepo. Ndidatuluka panja, kuzungulira nyumba kawiri, kubwerera n'kunjuta pafupi naye. Ndidati: "Pepa mwanangu. Fulasiki yasweka, uzisamala. Koma adadi alakwitsa kukukalipira chonchi." Adandiyang'ana ngati ndalankhula chilankhulo chachilendo. M'banja la kwathu kholo silinkapepesa mwana. Madzi akatayika sawoleka, n'zoona, koma ukhoza kupukuta kuti mwana asaterereke.

Apa m'pamene ndidamvetsa mmene kudziyang'anaku kumayendera, ndipo ndikufuna inu amene mungayesere mudziwiretu kuti musagwe ulesi. Poyamba umazindikira mawa lake kuti dzulo ndidalakwitsa. Pakapita masabata umazindikira patangotha ola limodzi. Kenaka umadzigwira uli mkati, mawu ena atatuluka kale. Pomaliza, ndipo si masiku onse, umauona mkwiyo ukubwera chapatali monga timaonera mvula ikutsika phiri la Mpingwe, n'kuanula zovala nthawi ikadalipo. Khalidwe lomwe lidamangidwa zaka 30 silingagwe ndi kope limodzi.

Amayi ataona kuti kopelo si nthabwala, adagula lawo. Sindidaliwerengepo, nawonso langa sadaliwerengepo. Koma tsiku lina adandiuza okha zomwe adapeza. Adati akakhumudwa amati "palibe" pomwe chilipo, n'kukhala masiku atatu akuyankha ndi mawu amodziamodzi, kudikira kuti ine ndilote chomwe chawapweteka. Adati adazitengera kwa amayi awo. Zimenezi ine ndinkazidziwa kalekale, ndipo ndidawauzapo kambirimbiri mokalipa, osaphula kanthu. Atazipeza okha ndi pamene zidayamba kusintha.

Apa pali chenjezo kwa inu apabanja. Kopeli ndi lolembamo za iwe mwini. Ukangoyamba kulembamo zolakwa za mnzako, lasanduka buku la milandu, ndipo lidzawotcha nyumba. Anyani amasekana zikundu chifukwa aliyense chake chili kumbuyo. Ntchito ya kopeli ndi kukutembenuza khosi, osati kukunolera maso oonera mnzako.

Chenjezo lina n'lakuti kudziyang'ana si kudzizenga mlandu. Sabata zoyamba ndinkagona ndikudzitukwana kuti ndine bambo wachabechabe, ndipo m'mawa ndinkadzuka wokwiya kuposa dzulo. Nditabwerera kwa atsibweni ndi buku lija monga adanenera, adaliwerenga mwakachetechete n'kundifunsa: "Kodi m'sitolo mwanumo mumalemba zotuluka zokhazokha? Zolowa simulemba?" Kuyambira pamenepo ndimalembanso tsiku lomwe ndaugwira mtima, tsiku lomwe ndaseka ndi ana, tsiku lomwe ndathokoza amayi chifukwa cha ndiwo. Wowerengera katundu salira akapeza kuti matumba achepa. Amalemba nambala yoona n'kufufuza pomwe padabooka.

Ndinenenso ichi mosabisa. Ngati m'nyumba mwafika pomenyana, kuopsezana kapena kumanana chakudya, kope palokha silikwanira. Pitani kwa ankhoswe, kwa alangizi, kapena ku ofesi ya apolisi yothandiza ozunzidwa. Lamulo loteteza anthu ku nkhanza za m'banja lomwe dziko lino lidakhazikitsa mu 2006 silikamba za zibakera zokha, limatchulanso nkhanza zozunza munthu m'maganizo. Ine ndinkadzitama kuti sindimenya, osadziwa kuti ndidali kuyenda m'mphepete mwa phompho lomwelo.

Kwa inu amene mukufuna kuyesa, simufunika ndalama zambiri kapena sukulu yapamwamba. Sankhani nthawi imodzi ya tsiku yomwe m'nyumba mwanu mumavuta, kaya ndi m'mawa pokonzekeretsa ana, kaya ndi madzulo pofika, kaya ndi pakutha pa mwezi ndalama zikamagawidwa. Kwa masabata awiri ingoyang'anani osasintha kanthu. Lembani mawu anu enieni, chomwe munkaganiza, ndi mmene thupi linkamvera. Ngati kulemba kukuvutani, dzifunseni mafunso omwewo pamene mukusamba. Mukalimba mtima, funsani mnzanuyo kuti kodi kukhala ndi ine kumakoma bwanji, ndipo akamayankha tsekani pakamwa mpaka amalize. Ndipo mukadzamva ana anu akusewera masanje, musawathamangitse. Imani potero mumvetsere. Sadziwa kukometsa nkhani ngati anzathu a kuntchito.

Sukulu atatsekera chaka chimenecho amayi adapitadi ku Ntcheu ndi ana. Ndidawaperekeza kudepoti mtima uli m'mwamba. Adakhalako sabata imodzi n'kubwerera ndi thumba la mbatata ya kachewere ndi kabichi wambiri, akudandaula kuti minibasi idawalipiritsa katundu mokwera.

Masiku apitawa ndidawamvanso ana aja kuseri. Tsopano akula, masanje ayamba kuwachepera, koma tsikulo adakumbukira zakale pofuna kusangalatsa kamwana ka aneba. Mnyamata wanga adabweranso ndi chijumbo chake m'khwapa. Adaima n'kunena kuti: "Odi kuno! Mwaswera bwanji nonse?" Mtima wanga udayamba kuvina. Asadakhale n'komwe pansi adaonjezera: "Koma ndani wasiya nsapato apa?"

Mlongo wake sadagwade. Adamuyang'ana m'maso n'kunena kuti: "Abambo, idyani kaye."

Ndidaseka ndekha kuchipinda mpaka misozi. Usiku womwewo ndidatsegula kope langa, lomwe tsopano ndi lachinayi, n'kulemba zonse monga momwe ndidazimvera.